Musanagule Feteleza Kapena Kuchita Lendi Munda, Dziwani Kaye Dothi Lanu

Awa ndi mawu omwe analankhulidwa pa msonkhano wa kalabu yathu mwezi uno. Tawalemba monga momwe anatulukira kuti nanunso amene munali ku ntchito, kusukulu kapena ku Joni muwerenge.

 Ena mwaweruka kothyola tiyi n'kubwera kuno osadzera n'kunyumba komwe, ena mwapalasa njinga kuchokera ku Makwasa ndi ku Bvumbwe. Ndiyesetsa kuti ndisakutayireni nthawi.

Mutu womwe ndapatsidwa ndi wa dothi. Ndikudziwa kuti wina wanena kale chamumtima kuti, "Aaa, dothinso? Si ili tapondali?" Eya, ndi lomwelo. Koma taonani zomwe zikuchitika pakati pathu. Thumba limodzi la feteleza masiku ano likumeza malipiro a masabata angapo a munthu wothyola tiyi. Malo nawo atichepera. Kalembera wa 2018 anapeza kuti boma la Thyolo lili ndi anthu oposa 720,000, chonsecho gawo lalikulu la malo abwino lili ndi maesiteti. N'chifukwa chake anzathu ena akutsetsereka ku Chigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kukachita lendi minda ya chitowe ndi thonje kapena kukayamba kuweta mbuzi. Ena muli pompano mukusonkha ndalama ku banki mkhonde ndi cholinga chomwecho.

Ndalama imeneyo mumaipeza movutika. Ndiye mfundo yanga lero ndi imodzi basi. Dothi la kuno kumtunda ndi dothi louma la kuchigwa ali pafupi, ulendo wa maola ochepa, koma khalidwe lawo ndi losemphana ngati usana ndi usiku. Mankhwala ochiritsa munda kuno akhoza kukaononga munda kumeneko. Tinakula tikumva kuti chuma chili m'nthaka. Zoona, koma nthaka yake iti?

DOTHI NALO LILI NDI MAYINA

Agogo athu sankangoti "dothi". Ankasiyanitsa. Lofiira lomata lija ankati katondo. Lakuda lomwe limang'aluka m'chilimwe ndi makande. Pali dothi la mchenga, pali lubwe, miyala yolimba yooneka ngati dzimbiri yomwe khasu limalira nayo, pali dothi la kudambo, palinso mtsiro womwe amayi amazirira m'nyumba. Dzina lililonse linali ndi malangizo ake: apa dzala chinangwa, apa mpunga, apa usavutike n'kulima komwe, angodya mbuzi. Kumeneko n'kugawa dothi m'magulu, ndipo anthu a sayansi amachitanso zomwezo, kungoti iwo amayeza ndi kulemba.

Sayansi imeneyi inayambira ku Russia. Mu 1883 katswiri wina dzina lake Vasily Dokuchaev anatulutsa kafukufuku wa dothi lakuda la kwawo, ndipo anaonetsa kuti dothi silingobwera lokha. Limaumbidwa ndi zinthu zisanu: mtundu wa thanthwe lomwe linafumbutuka, nyengo, zomera ndi tizilombo, kutsetsereka kwa malo, ndi kutalika kwa nthawi. Mukasintha chimodzi mwa zisanuzi, dothi limatuluka lina. Pakati pa Thyolo ndi Chikwawa zasintha kwambiri ndi ziwiri, mvula ndi kutsetsereka kwa malo.

Kuno kwathu, akatswiri awiri, Anthony Young ndi Peter Brown, analemba za nthaka ya chigawo cha kumpoto mu 1962 ndi ya chigawo chapakati mu 1965. Pa dziko lonse pali njira ziwiri zikuluzikulu zogawira dothi. Ya ku America, yotchedwa Soil Taxonomy, inasindikizidwa mu 1975 ndipo lero ili ndi magulu akuluakulu 12. Ina ndi World Reference Base, yomwe bungwe la FAO limagwiritsa ntchito. Inatuluka mu 1998 ndipo pano ili ndi magulu 32.

Mwina mukuti, mayina achizunguwa atithandiza chiyani ife? Tamverani. Mukadziwa kuti makande a ku Ngabu dzina lake lina ndi Vertisol, mwadziwanso kuti ndi abale a dothi lomwe amalimapo thonje ku Gezira m'dziko la Sudan komanso pakati pa dziko la India. Zonse zomwe alimi a kumeneko anaphunzira m'zaka zambirimbiri, inu mukhoza kuziwerenga pafoni ndi bando ya tsiku limodzi. Dzinalo ndi kiyi. Popanda dzina, mumayamba pa ziro ngati palibe anakumanapo ndi dothi lotero.

AMAYANG'ANA CHIYANI POGAWA?

Katswiri wa nthaka akafika pamunda sayamba n'kuyang'ana mbewu. Amakumba dzenje lakuya mita imodzi kapena kuposerapo, n'kuyang'ana khoma lake. Inunso munaonapo pokumba chimbudzi kapena manda: pamwamba pakuda, pakati pofiira, pansi miyala yofumbutuka. Magawo amenewa ndiwo amauza katswiri mbiri ya dothilo.

Kenako amaona kukula kwa timibulu take. Mchenga ndi timibulu toyambira mamilimita 0.05 kufika 2, timene timakereketa m'manja. Tocheperapo, pakati pa 0.002 ndi 0.05, timaterera ngati ufa woyera. Ndito tija timatsala madzi osefukira akaphwa. Tochepetsetsa, tosafika 0.002, ndi dongo lomwe limamata. Kuchuluka kwa zitatuzi ndi komwe kumapangitsa munda wina kuuma tsiku lomwelo mvula ikagwa, wina n'kukhala chidikha sabata yathunthu.

Amaonanso mtundu. Kufiira ndi dzimbiri lenileni, chitsulo cha m'dothi chomwe chakumana ndi mpweya, ndipo kumasonyeza kuti madzi amadutsa bwino. Dothi lotuwa lokhala ndi mawangamawanga limasonyeza kuti madzi amakhazikika nthawi yaitali.

Chomaliza ndi muyeso wotchedwa pH, womwe umaonetsa ngati dothi lili ndi asidi kapena ayi. Nambala 7 ndi pakatikati. Kutsika pansi pa 7 ndi asidi, kukwera pamwamba ndi mbali ya laimu ndi soda. Musapusitsike ndi kuyandikana kwa manambalawo. Dothi la pH 5 lili ndi asidi wochuluka ka 10 kuposa la pH 6, ndipo ka 100 kuposa la pH 7.

KATONDO WATHU: DOTHI LOCHAPIDWA NDI MVULA

Tiyambe ndi kwathu kuno. Madera a tiyi a Thyolo ali pamtunda, mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo amalandira mvula yoposa mamilimita 1,200 pa chaka. Ikatha ya dzinja timalandiranso chiperoni, kamvula kowaza ka m'miyezi yozizira, komwe dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Kwa zaka zikwizikwi madzi amenewa akhala akulowa pansi, ndipo polowa amatenga michere yosungunuka msanga monga kashiyamu, maginiziyamu ndi potaziyamu. Zomwe zimatsala ndi zosasungunuka: chitsulo, aluminiyamu ndi dongo lotchedwa kaolinite.

Zotsatira zake ndi dothi lakuya, lofiira, losavuta kulima, lomwa madzi bwino, koma la asidi komanso losasunga chakudya cha mbewu. M'mabuku akale a nthaka ya Malawi dothi lotere amalitcha latosol. M'njira ya FAO limagwera m'magulu monga Ferralsol, Acrisol ndi Nitisol. Dzina loti Ferralsol lingotanthauza dothi la chitsulo ndi aluminiyamu.

Tiyi amakondwa nalo dothi limeneli. Amafuna pH ya pakati pa 4.5 ndi 5.5, ndipo aluminiyamu samuopa, amachita kumusunga m'masamba okhwima. Si ngozi kuti Satemwa, yomwe inayamba mu 1923, komanso Conforzi, Naming'omba ndi maesiteti enawa ali kuno osati ku Balaka. Anatsata mvula ndi dothi.

Chimanga ndi nyemba ndiye ayi. Izi zimafuna pH ya 5.5 kupita m'mwamba. Ikatsika kuposa apo, aluminiyamu amasungunuka n'kuyamba kuotcha nsonga za mizu. Mizu imakhala yaifupi, yonenepa, yosalowa pansi, moti ng'amba ya masabata awiri okha chimanga chafota. Vuto lachiwiri ndi la fosifolasi, chakudya chomwe timagula m'feteleza wokulitsa. M'dothi la asidi, chitsulo ndi aluminiyamu zimamugwira fosifolasi uja n'kumumanga, mbewu osamupeza. Mukaona chimanga chaching'ono masamba ake akuoneka ofiirira m'mphepete, nthawi zambiri ndi njala ya fosifolasi imeneyo. Feteleza munathira, inde, koma wadyedwa ndi dothi.

Pali chinanso. Feteleza wa yuleya ndi wa amoniyamu, akamathiridwa chaka ndi chaka popanda manyowa, amaonjezera asidi. Ndiye munthu amaona zokolola zikutsika, iye n'kuonjezera yuleya, asidi n'kukweranso. Amalume anu akamati "munda uwu unazolowera feteleza", nthawi zina akunena zimenezi mosadziwa.

Mankhwala ake alipo. Laimu wa ulimi, mwala wogayidwa uja osati wopaka nyumba, amachepetsa asidi. Manyowa a khola, kompositi ndi manyowa a Mbeya amathandiza dothi kugwira chakudya. Nandolo, yemwe kuno timamulima kale, ali ndi mizu yotha kumasula fosifolasi womangidwa ndi chitsulo. Dziko la Brazil lili ndi dera lalikulu lotchedwa Cerrado, la dothi lofiira la asidi ngati lathuli, lomwe kale ankaliyesa lopanda ntchito. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 anayamba kuthiramo laimu ndi fosifolasi motsatira kafukufuku, ndipo lero ndi limodzi mwa madera otulutsa soya wambiri pa dziko lonse. Chenjezo limodzi kwa inu amene makolo anu ali ndi minda ya tiyi: laimu wa m'munda wa chimanga musapite naye ku tiyi mwachisawawa. Tiyi asidiyo amamufuna.

TITSIKE KUCHIGWA

Tsopano tiyeni titsike. Kaya mudzera ku Thekerani kutsikira ku Muona, kaya mudzera ku Blantyre n'kutsika mapiri a Thabwa, mukafika pansi mumamva kutentha kukumenyani kumaso. Chigwachi chili pansi kwambiri, malo ambiri osafika mamita 150 kuchokera pa nyanja yamchere. Mvula m'madera ambiri imakhala pakati pa mamilimita 600 ndi 800 pa chaka, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40. Madzi omwe dzuwa lingathe kuumitsa pa chaka ndi ochuluka kuposa omwe amagwa.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Kuno madzi amayenda kupita pansi n'kuchapa michere. Kuchigwa madzi amalowa pang'ono, dzuwa n'kuwakokanso m'mwamba, ndipo akauma amasiya michere ija m'dothi momwemo. Kwathu vuto ndi kuchepa kwa michere, kumeneko nthawi zina vuto ndi kuchuluka kwake. N'chifukwa chake pH ya dothi lambiri la kuchigwa imakhala 7 kapena kuposa, ndipo mukakumba mumapeza timiyala toyera ta laimu.

Kumayiko ouma zenizeni, monga Namibia ndi dera la Karoo ku South Africa, kuli gulu la dothi lomwe a ku America amalitcha Aridisol, kutanthauza dothi louma. Limatenga pafupifupi magawo 12 pa 100 aliwonse a mtunda wa dziko lapansi, ndipo popanda mthirira ntchito yake yaikulu ndi msipu wa ziweto. Chigwa chathu sichinaume kufika pamenepo, koma zizindikiro zake zina zilipo. Mitundu yomwe mukakumane nayo ndi inayi.

Woyamba ndi dothi lobwera ndi madzi, la m'mbali mwa Shire ndi mitsinje yake. Ndi lachonde, ndipo madimba a kumeneko komanso minda ina ya nzimbe ya ku Nchalo ili pa dothi lotere. Vuto lake mukulidziwa: madzi omwe analibweretsa amabweranso.

Wachiwiri ndi makande, otchuka kwambiri cha ku Ngabu. Kuti dothi litchedwe Vertisol liyenera kukhala ndi dongo losachepera magawo 30 pa 100 aliwonse, ndipo dongo lake ndi la mtundu wotchedwa smectite, lomwe limafufuma likanyowa n'kukhwinyata likauma. M'chilimwe limang'aluka ming'alu yoti dzanja n'kulowa. Dothi lapamwamba limagwera m'ming'alumo, mvula ikabwera lonse limafufuma n'kukankhana, ndiye limakhala ngati likudzitembenuza lokha. Dzinalo linachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza kutembenuza. Makande amasunga chakudya ndi chinyezi kuposa katondo, moti thonje ndi mapira zimachita bwino. Koma likauma ndi konkire, likanyowa ndi ulimbo. Masiku olimika bwino ndi ochepa, ndipo mukawaphonya mwaphonya chaka. Madzi akachuluka salowa pansi, chimanga chimasanduka chachikasu chili m'madzi. Ngakhale nyumba yomangidwa pa makande popanda maziko olimba imang'aluka.

Wachitatu ndi dothi la pansi pa mitengo ya tsanya. Akatswiri a nthaka kuno ku Malawi analipatsa dzina lakelake loti mopanosol, kuchokera ku mopane, dzina lina la tsanya. Amene munadutsa pa Beitbridge ndi Musina popita ku Joni munaiona mitengo imeneyi mbali zonse za msewu. Pamwamba dothili limaoneka labwinobwino, koma pansi pang'ono pali gawo lolimba ngati njerwa, nthawi zambiri chifukwa cha mchere wa sodiyamu. Sodiyamu amamwaza timibulu ta dongo n'kutseka timipata todutsa madzi ndi mpweya. Mvula ikagwa madzi amangoyenderera pamwamba, mizu ya chimanga imakafika pa gawo lolimbalo n'kupindika. Malo otere ndi a msipu. Mbuzi ndi ng'ombe zimadya masamba a tsanya, ngakhale ouma ogwa pansi, nthawi yomwe udzu watha. Munthu akakuonetsani malo otakasuka a tsanya pa mtengo wotsika n'kumati "apa sipanalimidwepo, ndi tsala lenileni", dzifunseni chifukwa chomwe eni dera anawasiyira malowo zaka zonsezi.

Wachinayi ndi dothi la mchere weniweni, lomwe m'chilimwe limatuwa pamwamba ngati pathiridwa ufa. M'madera ena a Chikwawa ndi Nsanje ngakhale madzi a pamjigo ndi amchere. Mukathirira mbewu ndi madzi otero, madzi amauma koma mchere umatsala, chaka ndi chaka ukuunjikana, mpaka mbewu imafota dothi lili lonyowa. Ntchito yaikulu ya mthirira ya Shire Valley Transformation Programme, yotenga madzi a Shire pa Kapichira, ikubweretsa mwayi kwa achinyamata, koma pa dothi lotere mthirira umafuna ngalande zotulutsa madzi otsala. Popanda ngalandezo, mthirira womwewo ndi umene umakweza mchere.

Ndiye taonani kusemphana kwake. Laimu yemwe amachiritsa katondo, pa makande ndi kutaya ndalama, ndipo akhoza kukulitsa vuto la kusowa kwa zinki lomwe limabwera pH ikakwera. Dothi la sodiyamu mankhwala ake ndi gypsum pamodzi ndi manyowa. Yuleya mukamumwaza pamwamba pa dothi la laimu kunja kukutentha, gawo lina limauluka ngati mpweya, pamafunika kumukwirira. Kuno timapanga mizere yopingasa kuti tigwire madzi, pa makande a m'chidikha nthawi zina mizere imafunika kuti itulutse madzi.

Kwa inu ofuna ziweto, msipu wa kumalo ouma uli ndi malire ake. Ng'ombe zikamaponda makande ali onyowa zimawaumba kukhala olimba. Udzu ukadyedwa mpaka pansi, madontho a mvula amamenya dothi lamaliseche n'kupanga kachikhungwa pamwamba, ndipo mbewu za udzu zimalephera kumera. Pa dothi la sodiyamu kanjira ka ng'ombe kamasanduka chigwembe m'zaka zochepa, chifukwa dongo lake limasungunuka m'madzi ngati sopo. Choncho funso loyamba si "ndigule mbuzi zingati?" Funso loyamba ndi "malowa angadyetse mbuzi zingati mu Okutobala?"

PHUNZIRO LA KUDZIGULIRA MALO

Kusamukira ku dothi lachilendo si nkhani yatsopano kwa anthu a ku Thyolo. Kuyambira 2004 mpaka 2011 kunali pulojekiti ya Kudzigulira Malo, ya boma ndi thandizo la World Bank, yomwe inathandiza mabanja pafupifupi 15,000 kupeza minda. Ena mwa iwo anachokera kuno ndi ku Mulanje kupita ku Mangochi ndi ku Machinga, kenako ku Balaka ndi ku Ntcheu. Ambiri a inu muli ndi achibale omwe anapita. Akabwera kumaliro kapena ku ukwati, khalani nawo pansi muwafunse. Anapeza dothi lotani? Mbewu ziti zinakana? Anaphunzira kwa ndani? Amenewo ndi aphunzitsi athu, ndipo sukulu yawo ndi yaulere.

Musaiwalenso kuti kumtunda ndi kuchigwa ndi thupi limodzi. Kafukufuku wa boma ndi mabungwe a United Nations anapeza kuti mu 2014 dziko la Malawi linkataya matani 29 a dothi pa hekitala iliyonse pa chaka. Dothi lochoka m'minda yathu yotsetsereka limalowa mu Nsuwadzi, n'kupita mu Ruo, n'kukathira mu Shire pa Chiromo. Lina limatsika ndi mitsinje ya kuphiri monga Thangadzi. Limakwirira mitsinje, madzi n'kusowa podutsa. Namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 anationetsa mapeto ake: kuno minda inakokoloka, kumunsi minda inakwiririka ndi mchenga. Akalozera ndi vetiva zomwe timachita nazo ulesi kuno zimapulumutsa feteleza wathu, zimapulumutsanso munda womwe mukufuna kukachita lendi uja.

ZOYESA NOKHA, ZOSAFUNA NDALAMA

Safunsa anadya phula. Musanapereke ndalama ya lendi kapena kugula thumba la feteleza, chitani izi.

1. Kumbani dzenje lofika m'chiuno. Onani kuya kwa gawo lakuda lapamwamba, onani pomwe mizu ya udzu yalekezera. Ngati mizu yonse yapindika pamalo amodzi, pali gawo lolimba.

2. Nyowetsani dothi pang'ono, mulikande m'manja, muyese kupanga kachingwe ngati mukuumba ng'ombe yadothi. Likakana kuumbika ndi mchenga. Likaumbika koma n'kuthyoka mukalipinda, lili pakatikati. Likapindika mpaka kupanga mphete, dongo ndi lambiri.

3. Thirani dothi m'botolo loonekera mkati, mudzaze madzi, mukhutchumule kwambiri n'kuliika pansi. Mchenga umakhazikika m'mphindi imodzi, totererato m'maola angapo, dongo limatenga tsiku kapena kuposa. Magawo atatuwo muwaona ndi maso.

4. Dontheza viniga pa dothi louma kapena pa timiyala toyera tija. Pakachita thovu, laimu alimo kale, musagule wina.

5. Tengani kachibuma kouma ka dothi la pansi, mukaike pang'onopang'ono m'kapu ya madzi a mvula, osagwedeza. Madzi ozungulira kachibumako akachita mbuu ngati mkaka, ndi chizindikiro cha sodiyamu.

6. Yang'anani zomera. Kaufiti wambiri amasonyeza dothi loguga. Tsanya wambiri, samalani. Mitengo ya nsangu ndi bwenzi la mlimi, chifukwa imayoyola masamba nthawi ya dzinja n'kudyetsa nthaka. Ndipo funsani nkhalamba za m'deralo kuti dothilo amalitcha chiyani.

Zimenezi zikupatsani chithunzi, koma nambala yeniyeni ya pH ndi mlingo wa laimu wofunika zimachokera ku labu. Ife a ku Thyolo tili ndi mwayi chifukwa malo a kafukufuku wa zaulimi a Bvumbwe ali m'boma lathu lomwe lino, ndipo amayeza dothi. Za tiyi, akatswiri ake ali ku Tea Research Foundation of Central Africa ku Mulanje. Katengedwe ka dothi lokayezetsa ndi aka: yendani mokhotakhota m'munda, mutape malo 10 kapena 15, kuyambira pamwamba kufika masentimita 20 pansi. Pewani pachulu, pomwe panaotchedwa zinyalala ndi pomwe panali khola. Sakanizani m'ndowa ya pulasitiki yotsuka bwino, mutengeko pafupifupi theka la kilogalamu, muumitse pamthunzi, mulembe dzina ndi mbewu yomwe mukufuna kudzala. Munda wa pamtunda ndi wa kudimba musaphatikize. Alangizi a zaulimi a m'dera lanu akuuzani za mtengo ndi katumizidwe, ndipo tikatumiza monga gulu transipoti imachepa.

Pempho langa kwa a komiti ndi ili. Pa 5 Disembala chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira tsiku la nthaka. Tsiku limenelo lisanafike, membala aliyense akumbe dzenje limodzi m'munda wa kwawo, ajambule khoma lake ndi foni, alembe mudzi, dzina lomwe akuluakulu amalitcha dothilo, ndi zomwe wapeza pa mayeso aja. Amene muli ndi achibale ku Ngabu, ku Bangula kapena ku Machinga, apempheni atumize zawo. Tiziika zithunzizo pa tsamba lathu la Facebook ndi pa gulu la WhatsApp, kuti wina akafuna kupita kukalima kwinakwake ayambe waona zomwe anzake anapeza. Amene akufuna kutumiza dothi ku Bvumbwe alembetse kwa mlembi tisanabalalike, kuti tidziwe kuti tilipo angati.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Dzenje limodzi limatenga m'mawa umodzi, pamene ndalama ya lendi mwaisonkha chaka chathunthu.  Ngati pali mafunso, ndili pompano.